Agogo Amishonale Amagwira Ntchito Yanji Sabata Yonse?

Anthu ambiri a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka anawaonapo anyamata oyenda awiriawiri atavala malaya oyera, tayi ndi kabaji kakuda pachifuwa. Amenewa ndi amishonale a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene likulu lake lili ku Salt Lake City, ku America. Pamishoni yomweyo pamakhalanso ena amene sapezekapezeka mumsewu: bambo ndi mayi a pabanja, kawirikawiri opuma pantchito, amene asiya nyumba ndi zidzukulu kukatumikira kutali. Malinga ndi dongosolo limene mpingowu unalengeza mu 2011, banja lotere limasankha kutumikira miyezi 6, 12, 18 kapena 23, ndipo salandira malipiro; chakudya ndi zambiri zofunika amalipira okha. Ine ndikuona kuti phindu lawo lenileni lili pa ntchito zosatamandika zimene amasiyira eni dera atazidziwa, osati pa chiwerengero cha anthu amene awabatiza.

Sabata yawo ikuchitira umboni. Mnyamata wa mishoni amadzuka 6:30 m'mawa n'kutsata ndandanda yokhwima kwa zaka ziwiri, pamene agogowa amakonza okha nthawi yawo molingana ndi mphamvu zawo. Amene aikidwa mu ofesi amatha masiku apakati pa sabata akulipira lendi ya nyumba za anyamata ndi atsikana a mishoni, kulondola ziphaso zokhalira m'dziko, kupititsa magalimoto kugalaja. Ngati mayiwo anali namwino, foni yawo ndiyo imalira usiku wina akadwala malungo. Ena amaphunzitsa achinyamata malembo, Chingerezi kapena kuyimba limba, ena amayendera mijigo ndi kugawa njinga za olumala. Tsiku limodzi ndi lochapa, kugula za m'nyumba ndi kuyimbira zidzukulu. Koma tsiku lolemera ndi Lamulungu. Mpingowu ulibe abusa olipidwa m'nthambi zake. Wotsogolera nthambi akhoza kukhala mphunzitsi kapena wamalonda amene analowa mpingo zaka zochepa zapitazo. Mapemphero a maola awiri akatha, bambo amene anasunga mabuku a ndalama moyo wawo wonse amakhala pansi ndi mlembi wa nthambi kumuonetsa kalembedwe ka chakhumi, mayi ali ndi atsogoleri a bungwe la amayi kapena la ana. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto: banja lomwe likukangana silingakadandaule kwa mnyamata wa zaka 19 amene sanakwatirepo.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka. Ena amati utumiki umenewu ndi tchuthi cha anthu olemera, ndipo n'zoona kuti wopanda penshoni yokwanira sangaukwanitse. N'chifukwa chake mabanja ambiri otere amachokera ku America. Komabe tchuthi sichikhala cha miyezi 18 ya malisiti ndi mizere ya ku ofesi zaboma, munthu ali ndi mawondo opweteka ndi mankhwala a BP m'chikwama. Ena amati nthawiyo ndi yochepa moti sangaphunzire Chichewa kapena Chibemba. Apa ndivomereze: ambiri amangofika pa moni ndi zikomo, ndipo amene sakumva chilankhulo amamva zokhazo zimene womasulira wasankha kumuuza. Izi zimachepetsa ndithu zimene angathandize pa nkhani za maliro, ukwati ndi chibale.

Dandaulo lalikulu ndi lakuti mlendo wa imvi, wa galimoto ndi ndalama, amaphimba atsogoleri a m'deralo ngakhale asakufuna. Anthu amayamba kupita kwa iye ndi mavuto a fizi ndi lendi, wotsogolera nthambi n'kungotsala dzina. Chiopsezochi n'chenicheni, ndipo ulemu wathu kwa akuluakulu umachikulitsa, poti ndani angatsutse agogo pamsonkhano? Koma kufupika kwa nthawi kumene kwadandaulidwa kuja kumathandiza pano. Banja limene likudziwa tsiku lonyamuka silingamange nthambi pa ilo lokha, chifukwa palibe chitsimikizo choti lina lidzabwera m'malo mwake. Lochenjera limakhala pabenchi yakumbuyo, kusiya mlembi alakwitse ndi kukonza yekha lipoti la mwezi, ndipo wopempha thandizo limamubweza kwa wotsogolera nthambi, amene ndiye ali ndi udindo pa thumba la osowa.