Sitima yatsopano inathyoka pakati ili padoko

Usiku wa pa 16 Januwale 1943, mumzinda wa Portland ku America munamveka chiphokoso. Sitima yonyamula mafuta yotchedwa Schenectady, yongomangidwa kumene, inathyoka pakati ili chiimire padoko. Kunalibe namondwe, ndipo palibe mdani anaiwombera. Kunja kunkangozizira basi.

Ngozi zotere zinagweranso sitima zina zomwe dziko la America linamanga mothamanga pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ambiri ankaloza chala amisiri owotcherera. Koma mayi Constance Tipper, katswiri wa zitsulo pa yunivesite ya Cambridge, anasonyeza kuti vuto lalikulu linali m'chitsulo momwemo. Chikazizidwa kwambiri chinkasiya kupindika, n'kumangosweka ngati mbale yadothi. Ndipo poti mapuleti a sitimazo anali owotcherera, mng'alu ukayamba unkangopitirira popanda pouimitsa.

Chodabwitsa n'chakuti zinthu zimene zimalamula khalidwe la chitsulo cha sitilo zimakhalamo pang'ono zedi. Chachikulu ndi kaboni. Akachepera 0.3 peresenti, chitsulo chimapindika mosavuta ndipo chimawotchereka bwino. Akafika pakati pa 0.6 ndi 1 peresenti, chimalimba moti n'kusulira mipeni. Akapitirira 2 peresenti, chimasanduka chitsulo choumba, chomwe chimasweka mukachimenya ndi hamala. Salufa ndi fosiforasi zikachuluka zimachiwononga, pomwe manganizi amachithandiza kupirira. Chitsulo chosachita dzimbiri chimakhala ndi kromiyamu wosachepera 10.5 peresenti, ndipo bambo Harry Brearley anachipanga mumzinda wa Sheffield m'chaka cha 1913.

Kwinako ndi ntchito ya moto. Osula zitsulo kwathu kuno amakonda sipuling'i ya galimoto posula nkhwangwa chifukwa ili ndi kaboni wokwanira. Amaiwotcha mpaka itafiira psuu, n'kuiviika m'madzi kapena m'oyilo kuti ilimbe. Mmisiri wodziwa salekera pomwepo. Amaitenthetsanso pang'ono uku akuyang'ana mtundu ukusintha, chifukwa chitsulo chongoviikidwa chimabenthuka msanga chikakumana ndi mtengo wa tsanya.

Zonsezi sizioneka ndi maso, ndipo apa m'pamene pali ngozi. Chitsulo chabwino ndi choipa zimafanana zikaunjikidwa m'sitolo. Inu amene mukumanga nyumba yosanja kapena mlatho, musamangoyang'ana mtengo ndi kunenepa kwa chitsulo. Funsani wogulitsa akuonetseni chikalata cha kufakitale chosonyeza zimene zili m'chitsulocho ndi mphamvu yake atachiyesa.