TSIKU LIMENE MADZI OUNDANA ANASWA

M'cinenero cathu liu lakuti "kuswa" lili ndi matanthauzo awiri. Mwana akagwetsa mbiya timati waswa. Ng'ombe ikabala thole timatinso yaswa. Azungu naonso, pofotokoza za kugumuka kwa madzi oundana ku maiko ozizira, anabwereka liu la m'khola: amati mtsinje wa madzi oundana waswa mwana. Koma mwana wake, abale, si womanga ndi cingwe ai. Nthawi zina amalingana ndi phiri.

Mtsinje woyenda mwakacetecete

Ambiri a ife madzi oundana tiwadziwira m'firiji kapena pa matalala. Ku Greenland, cisumbu cacikulu koposa pa dziko lapansi, nkhani ndi ina. Kumeneko kumagwa cipale cofewa conga ufa, ndipo cifukwa ca kuzizira sicisungunuka conse. Ca caka cino cimasanjikana pa ca caka catha, ndipo pa zaka zikwi-zikwi kulemera kwake kwacifinya mpaka kusanduka thanthwe, limene pena kucindikala kwake kupitirira makilomita 3. Thanthwelo silikhala malo amodzi. Limatsetsereka pang'ono-pang'ono m'zigwa kulinga kunyanja, monga phala lolimba m'mbale yopendekeka.

Umodzi mwa mitsinje yotere ndi Sermeq Kujalleq, umene ena autcha Jakobshavn, kumadzulo kwa Greenland pafupi ndi tauni ya Ilulissat. Ndi umodzi mwa yothamanga koposa: pa zaka zina wayenda mamita oposa 40 pa tsiku. Ukafika kunyanja, madzi amcere, amene ndi ofundirako, amaudya kunsi monga momwe Luangwa adyera gombe lake m'dzinja. Pamwamba pamang'ambika ming'alu, ndipo tsiku lina cidutswa cimathyoka nkuyamba kuyandama. Cimene maso aona pa phiri loyandamali ndi gawo limodzi cabe mwa magawo khumi. Otsalawo abisala m'madzi. Phiri lotere ndilo linamiza combo ca Titanic mu 1912, nafa anthu oposa 1,500.

Nchito ya munthu wodekha

Kujambula kugumuka kotere kufuna mtima wa msodzi. Palibe amene adziwa ola lake. Wojambula amaimika kamera pa miyendo itatu, nasunga mabatire m'kati mwa jekete, pakuti cisanu cimawatha mphamvu msanga. Akadikira kuti amve phokoso ndiye kuti wacedwa, cifukwa mkokomo umatenga pafupi-fupi masekondi atatu kuti uyende kilomita imodzi, monga bingu litsatira mphezi m'mbuyo.

Mu 2007 wojambula wa ku America, James Balog, anayambitsa nchito yochedwa Extreme Ice Survey. Iye ndi anzake anakhomerera makamera m'matanthwe ku Greenland, Iceland, Alaska ndi malo ena, oyendera mphamvu ya dzuwa, kuti azijambula okha kawiri-kawiri dzuwa likamawala, caka ndi caka. Poyamba ambiri anafa cifukwa ca vuto la kacipangizo kosunga nthawi, ndipo anthuwo anabwereranso kukakonza. Paja kuona maso a nkhono nkudekha.

Mphindi 75

Pa 28 May 2008, awiri a m'gululo, Adam LeWinter ndi Jeff Orlowski, atagona masiku ambiri m'hema moyang'anizana ndi Sermeq Kujalleq, anaona cimene makamera anali asanagwirepo pa ukulu wotere. Cipupa ca madzi oundana, cotambalala pafupi-fupi makilomita 5, cinayamba kugumuka ndipo sicinaleke kwa mphindi 75. Zidutswa zazitali kuposa nyumba zosanjikiza zinavumbuluka kucokera pansi pa nyanja, zobiriwira mwakuda, nizigubuduzika ngati mvuu zolusa. Pamene kunakhala bata, mtsinjewo unali utabwerera m'mbuyo kilomita imodzi ndi theka. Zimenezi zinaonetsedwa mu 2012 m'kanema wochedwa Chasing Ice.

Mphamvu yotere siseweretsedwa. Cidutswa cikagwa kapena kutembenuka cimautsa mafunde amene amafika kumtunda mwadzidzidzi. Ndico cifukwa cake pafupi ndi Ilulissat pali zikwangwani zoletsa alendo kuyenda m'mphepete mwa madzi, ndipo asodzi a kumeneko, amene akhala ndi mapiri oyandamawa ciyambire makolo ao, amawalambalala patali. Eni dziko aopa; mlendo wofuna cithunzi cokoma ndiye amaiwala.

Cimene cithunzi cimodzi sicinena

Tsono tiyeni tilingalire bwino. Kuswa kwa madzi oundana si kwacilendo; kwakhala kukucitika kuyambira kale-kale. Cithunzi cimodzi citionetsa mphamvu cabe, ndipo timagwira pakamwa. Koma zithunzi zikwi-zikwi za malo amodzi, zikandandalikidwa motsatana, zitiuza nkhani ina: cimphonaci cikuwonda. Monga kanemayo afotokozera, m'zaka khumi za pakati pa 2000 ndi 2010 Sermeq Kujalleq unabwerera mtunda woposa umene unabwerera m'zaka 100 za m'mbuyomo. Kuyambira ca m'ma 2016 unalezako kwa zaka zocepa pamene madzi a m'nyanja anazizirako, zimene zinaonetsa kuti kutentha kwa nyanja ndiko kuulamulira. Ndipo nyanja zikufunda cifukwa ca mpweya wocokera ku malasha, mafuta ndi nkhalango zimene anthu tikutentha.

Wina anganene kuti, "Ife ndife a pamtunda, za kunyanja zitikhudza bwanji?" Madzi osungunuka ku Greenland sakhala kumeneko, amakweza nyanja zonse. Akatswiri anawerengera kuti madzi oundana onse a pa cisumbuco atasungunuka, nyanja zingakwere mamita 7. Zimenezo zingatenge zaka mazana ambiri, koma ngakhale kukwera kocepa nkokwanira kuvutitsa mzinda wa m'cidikha monga Beira, doko limene lilandira wina mwa katundu wathu.

Anthu amene anapirira cisanu ndi makamera ao anatisiyira umboni wakuti cilengedwe ncamphamvu kotero kuti munthu pamaso pake ndi nyerere, komanso kuti nyererezo, zikaculuka ndi kusasamala, zitha kuwondetsa phiri. Ana athu akadzaona zithunzizi, tiwaphunzitse zonse ziwiri: kuopa ndi kusamala.