Khansa ya m'mawere: mankhwala ali m'zomera, osati mumphika

Aliyense amene amayenda m'makwalala a pa boma la Ntcheu, pa Lizulu kapena pa Kampepuza adakaonapo kaduwa kena ka masamba obiriwira monyezimira ndi maluwa a pinki kapena oyera. Amayi amakakonda chifukwa sikavuta. Kamamera m'mbali mwa khonde, pasukulu ngakhale kumanda, ndipo kamapirira dzuwa la mu Okotobala.

Ambiri amangokaona ngati kokongoletsa pakhomo. Komatu kaduwa kameneka, komwe kwawo ndi ku Madagascar ndipo pachingerezi amati periwinkle, ndi kamene kadapereka ena mwa mankhwala a khansa omwe madokotala amagwiritsa ntchito m'zipatala zikuluzikulu za dziko lino.

Nkhani yotere ikamveka, funso silichedwa kubwera: ngati mankhwala ali m'masamba, bwanji mayi amene wapeza chotupa m'bere osangothyola, kuwiritsa n'kumwa, m'malo motaya ndalama ya minibasi kupita ku Lilongwe? Yankho lake lagona pa ulendo umene chomera chimayenda chisadasanduke mankhwala a kuchipatala.

Ulendo wa kaduwaka udayamba mu 1952 pomwe masamba ake adatumizidwa ku Canada kuchokera ku Jamaica, komwe anthu ankamwa madzi ake ngati mankhwala a shuga. Dokotala Robert Noble adayesera madziwo pa makoswe. Shuga sadatsike, koma maselo oyera a m'magazi, omwe ndi asilikali a m'thupi, adachepa kwambiri ndipo makoswewo adafa.

Apa mpomwe akatswiri adaganiza kuti chinthu chopha maselo chotere chikhoza kuphanso maselo a khansa, omwe amaswana mosalekeza. Mu 1958, Noble ndi mnzake Charles Beer adapatula m'masambamo mankhwala otchedwa vinblastine. Kenaka padapezeka ena otchedwa vincristine, omwe kuno kwathu athandiza ana odwala khansa ya Burkitt komanso odwala khansa ya pakhungu ya Kaposi. Kuchokera ku kaduwa komweka, akatswiri a ku France adakonza vinorelbine, yemwe amaperekedwa kwa amayi ena amene khansa ya m'mawere yafalikira m'thupi.

Koma mankhwala odziwika kwambiri pa khansa ya m'mawere adachokera mu khungwa la mtengo wotchedwa yew wa kumadzulo kwa America. Khungwalo lidasendedwa mu 1962, ndipo mu 1971 Monroe Wall ndi Mansukh Wani adalengeza kapangidwe ka mankhwala omwe adapezamo. Padatenga zaka zina zoposa 20 kuti mankhwalawa, omwe lero amatchedwa paclitaxel, avomerezedwe pa khansa ya m'mawere mu 1994. Ntchito yake ndi kulepheretsa selo la khansa kugawikana pawiri, ndipo likalephera kutero limafa.

Nayo Africa ili ndi mbali yake. Mu 1972, katswiri wina, Morris Kupchan, adapeza mankhwala otchedwa maytansine mu chitsamba cha ku Ethiopia. Mu labotale ankapha maselo a khansa modabwitsa, koma atayesedwa pa anthu adapezeka kuti akuwononga thupi kuposa kuthandiza, ndipo adaikidwa pambali. Patapita zaka, akatswiri adawasintha n'kuwamangirira ku mankhwala ena omwe amalondola selo la khansa okha. Motero mu 2013, zaka 41 chipezekereni, mankhwalawa adavomerezedwa pa mtundu umodzi wa khansa ya m'mawere.

Nkhani zitatuzi zikugwirizana pa mfundo imodzi: chomera ndi poyambira chabe. Pakati pa 1960 ndi 1982, bungwe la boma la America loona za khansa lidapima zitsanzo za zomera pafupifupi 35,000, koma zomwe zidasanduka mankhwala n'zowerengeka pa zala. Zambiri zomwe zimapha maselo a khansa m'kambale ka mu labotale zimalephera zikafika m'thupi la munthu.

Palinso nkhani ya mlingo. Kuti papezeke galamu imodzi ya vinblastine pamafunika masamba ouma okwana makilogalamu pafupifupi 500, kulemera kwa matumba khumi a chimanga. Mphika wa pakhomo sungatulutse mlingo umenewu. Chomwe ungatulutse ndi msuzi wosakanikirana, chifukwa kaduwaka kali ndi timankhwala toposa 100, tina mwa ito tapoizoni. Ngakhale kuchipatala, mankhwalawa amalowa kudzera mu mtsempha, pa mlingo wowerengedwa molingana ndi thupi la wodwala, ndipo magazi ake amapimidwa kawirikawiri.

Izi n'zofunika kuzidziwa m'boma ngati la Ntcheu, komwe tsiku la msika silitha osamva wogulitsa mankhwala a zitsamba akutchula mndandanda wa matenda omwe botolo limodzi likuti limachiza. Masiku ano mauthenga otere amayendanso pa WhatsApp, ena kutamanda chammwamba, ena nimu, ena masamba a soursop, mtengo wa m'banja limodzi ndi mpoza.

N'zoona kuti akatswiri adayesapo zomera zimenezi mu labotale, ndipo zina zidapha maselo a khansa m'kambale. Koma palibe kafukufuku wa pa anthu amene adatsimikiza kuti china mwa izo chimachiza khansa ya m'mawere. Pa soursop pali chenjezo lapadera: pa chilumba cha Guadeloupe, madokotala adapeza kuti ambiri mwa odwala nthenda ina ya mitsempha ya muubongo, yofanana ndi ya Parkinson, ankadya zipatso ndi kumwa masamba a mitengo ya m'banja limeneli kwa nthawi yaitali.

Amalawi sadaiwale za mchape. Mu 1995 anthu zikwizikwi adakhamukira kwa Billy Goodson Chisupe ku Machinga kukamwa madzi a khungwa la mtengo omwe ankati amachiza Edzi. Magalimoto ankadzaza, chiyembekezo chidali chachikulu, koma maliro sadaleke. Zinthu zidayamba kusintha pomwe boma lidayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004.

Pa khansa ya m'mawere, chotayika chachikulu munthu akamayesa zitsamba ndi nthawi. Chotupa chikadali chaching'ono chimatheka kuchotsedwa ndi opaleshoni, ndipo mayi akhoza kuchira. Chikafalikira m'mafupa, m'chiwindi kapena m'mapapo, ntchito ya madokotala imakhala yongochepetsa ululu ndi kutalikitsa moyo.

Malinga ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mu 2022 amayi 2.3 miliyoni adapezeka ndi khansa ya m'mawere ndipo pafupifupi 670,000 adamwalira nayo. M'maiko olemera, amayi oposa 90 mwa 100 alionse amakhalabe ndi moyo patatha zaka zisanu chipezekereni ndi nthendayi, pomwe ku South Africa ndi 40 okha. Kusiyana kwakukulu kwagona pa kufika msanga kuchipatala. Kafukufuku wa pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe adaonetsa kuti amayi ambiri kuno kwathu amafika nthenda itapita kale patali.

Ku America nako, kafukufuku wa pa yunivesite ya Yale wa mu 2018 adapeza kuti amayi odwala khansa ya m'mawere omwe adakana chithandizo cha kuchipatala n'kudalira njira zina zokha adali pachiopsezo cha imfa choposa kasanu poyerekeza ndi anzawo.

Sikuti amayi amachedwa chifukwa cha umbuli. Mayi wa ku Tsangano kapena ku Kasinje amayamba waganiza za mtunda, ndalama ya ulendo, munda ndi ana omwe awasiye. Chotupacho nthawi zambiri sichipweteka poyamba, ndiye n'kosavuta kunena kuti tiona tikakolola. Ena amaopa kudulidwa bere ndi kusiyidwa banja. Sing'anga ali pafupi, amamvetsera, ndipo amalandira nkhuku ngati ndalama palibe.

N'chifukwa chake nkhaniyi si ya mayi yekha. Bambo, apongozi ndi ankhoswe ndiwo kawirikawiri amagamula za ndalama ndi ulendo. Nawo asing'anga akhoza kupulumutsa moyo pongomuuza mayi wa chotupa m'bere kuti ayambe wapita kuchipatala. Ndipo wodwala amene wayamba kale kulandira mankhwala a khansa ayenera kuuza dokotala za chitsamba chilichonse chomwe akumwa, poti zina zimalimbana ndi mankhwalawo kapena kulemetsa chiwindi ndi impso.

Zizindikiro zoyenera kuthamangira nazo kuchipatala ndi chotupa m'bere kapena m'khwapa, khungu la bere kukhakhala ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere kulowa mkati, kutuluka magazi kunsonga, komanso chilonda chosapola. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, koma chotsimikizira ndi kupima kanyama kotapidwa pa chotupacho. Abambo nawo amadwala nthendayi, ngakhale ndi ochepa kwambiri.

Njira yake imayambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera, kenaka chipatala cha boma cha Ntcheu, chomwe chimatumiza odwala ku Kamuzu Central. Kumeneko kuli chipatala cha khansa cha dziko lonse, chomwe chidatsegulidwa mu 2025 ndi makina ootchera khansa, chithandizo chomwe kale odwala a m'zipatala za boma ankachipeza kunja kwa dziko lino. Pa za mankhwala a m'misika, lamulo la mu 2019 lidakhazikitsa bungwe la PMRA lomwe limayang'anira mankhwala, a zitsamba omwe, ndi malonda ake.

Mwina m'nkhalango ya Dzonzi kapena m'mapiri a Kirk Range muli chomera chomwe tsiku lina chidzathandize odwala khansa, ndipo n'chifukwa china chosamalira mitengo yachilengedwe. Koma mtengo wa yew udatenga zaka 32 kuchoka m'nkhalango kufika pa bedi la mayi wodwala bere. Mayi amene wapeza chotupa lero alibe zaka zimenezo. Paja akulu adati m'mera mpoyamba.