Laputopu ya ku Joni ikakana Windows 11

Ku Manyamula, monga m'madera ambiri a boma la Mzimba, mabanja ochuluka ali ndi wachibale ku Joni. Akamabwera kumudzi amanyamula mabulangete, mafoni, ndipo nthawi zina laputopu yogula pa kaunjika yoti mwana wa ku sekondale aziphunzirirapo. Ambiri mwa makinawa amayendera Windows 10, imene kampani ya Microsoft inasiya kuisamalira monga kale pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 nayo ndi yosankha: imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa ya zaka zaposachedwa. Laputopu ya 2013, ngakhale ikuyaka bwinobwino, imakanidwa.

Kodi ndiye itayidwe? Ayi ndithu. Pali Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows.

Linux anaiyamba Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuisintha ndi kugawira mnzake popanda kulipira laisensi. Mu 2004, Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mtundu wake wotchedwa Ubuntu, wofuna kufewetsera zinthu munthu wamba. Ndipo Linux si yachilendo kuno. Foni iliyonse ya Android ili ndi Linux mkati mwake. Bungwe la Baobab Health, limene linayamba kuika makompyuta okhudza ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001, linadzamanga ntchito yake yosunga mbiri ya odwala pa mapulogalamu aulere ngati amenewa.

Woyamba kumene angachite bwino kusankha mtundu wotchedwa Linux Mint, chifukwa maonekedwe ake safuna kuphunzira zambiri kwa munthu wozolowera Windows. Makina ofooka kwambiri amapepukidwa ndi mtundu wina wotchedwa Lubuntu.

Chokoma n'chakuti munthu amatha kulawa asanasinthe. Amaika Linux pa fulashi ya 8GB pogwiritsa ntchito pulogalamu ngati Rufus, n'kuyatsa kompyuta kudzera pa fulashiyo. Windows imakhala ili chikhalire, osakhudzidwa. Apa mpamene ayenera kuyesa zonse modekha: Wi-Fi ikugwira? Mawu akumveka? Akalumikiza foni, intaneti ikubwera? Akakhutira, asanakanikize batani loika Linux, ayambe wakopera kwina zithunzi za ukwati, makalata ndi manotsi a sukulu, pakuti kusankha molakwika pamenepo kumafufuta zonse.

Vuto lenileni kwa munthu wa ku Manyamula ndi bandulo. Linux Mint ndi pafupifupi 3GB, ndipo kuikoka pa netiweki yodukaduka ya Airtel kapena TNM kumadya ndalama ndi nthawi. Koma fulashi imodzi imakwanira mudzi wonse. Mphunzitsi mmodzi akaikoka pamene wapita ku boma kapena ku Mzuzu, angathe kuikira anzake khumi, lamulo silimuletsa.

Zovuta zina zilipo, tisabise. Microsoft Word ndi Photoshop sizilowa mwachindunji. M'malo mwa Word muli LibreOffice, imene imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale kalata yokhala ndi matebulo ambiri nthawi zina imasokonekera mizere. Wofunsira ntchito asunge kalata yake ngati PDF asanapite nayo kokasindikiza. Nawo okonza makompyuta ambiri anazolowera Windows, moti chikavuta, wothandiza sapezeka pafupi.

Komabe pali phindu limene aliyense wolowetsa fulashi m'malo oikitsira nyimbo ndi mafilimu angalimvetse msanga. Vayirasi yotchuka ija, yobisa mafayilo n'kusiya tizithunzi topanda kanthu, inapangidwira Windows ndipo pa Linux siigwira ntchito. Mafayilo obisikawo amaoneka, munthu n'kuwapulumutsa.

Amene ali ndi kashopu kosindikiza ayese pulinta yake Linux ikadali pa fulashi. Mapulinta ambiri a HP amagwira osavuta, pamene ena a Canon amafuna kuwasakira pulogalamu yowayendetsa.