Kumene Ipita Mitengo ya Kunyanja

Alimi anzathu a ku Mangochi, ku Namwera, kwa Makanjira ndi ku Monkey Bay, mwezi uno tifuna kukamba nanu za mitengo. Nonsenu mudziwa ndalama zimene thumba la chimanga ligulidwa, ndipo mlimi wa fodya sagona tulo kufikira atamva mmene belo lake layendera ku okushoni. Koma pakafika mlendo ndi galimoto, naloza mlombwa umene uli kumalire a munda, ambiri a ife tingolandira chimene atipatsa, popeza sitidziwa kumene mtengowo upita, kapena chimene ukakhala ukafika kumeneko.

Malonda a zinthu za m'tchire si achilendo kuno. Kalekale anthu a kwa Mponda ndi a kwa Makanjira ankasenza minyanga ya njovu kupita nayo kugombe la nyanja yamchere. Pambuyo pake, m'zaka zotsatira 1891 pamene linamangidwa linga la Fort Johnston, dziko lino linkatumiza ku Ulaya phula la njuchi, mpira wa m'tchire ndi nthanga za kombe. Kombe ndi uja alenje ankapaka kumivi. Madokotala a ku Edinburgh anapezamo mankhwala a mtima. Koma nkhani yoyenera kuisunga ndi ya mpira. Utomoni wake unkachokera ku zomera zoyanga m'mitengo, ndipo anthu pofuna wambiri msanga ankadula chomera chonse mmalo mongochitema khungwa. Sipanapite zaka zambiri zomerazo zinayamba kusowa, minda ya mpira ya ku Asia inayamba kubala, ndipo ogula anangochoka osatsazika.

Lero chimene afuna amalonda ndi mitengo yolimba. Tiyambe ndi phingo, mtengo wosaoneka bwino, wopindikapindika, umene mtima wake ndi wakuda bii, wolemera kotero kuti umira m'madzi. Ife tiudziwa chifukwa cha ziboliboli zimene anyamata agulitsa kwa alendo m'mbali mwa msewu wa kunyanja. Ku France ndi ku Germany amisiri apanga nawo zitoliro zamtengo wapatali zotchedwa clarinet ndi oboe, ndipo phingo wambiri wa ntchito imeneyi achokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Amisiriwo afuna kachidutswa kopanda mng'alu kapena mfundo, kotero gawo lalikulu la chipika lingotayidwa pamalo pochekera. Tsono taganizani: phingo atenga zaka 70 kapena 100 kuti afike pa msinkhu wodulidwa. Amene adula lero akolola chimene chinamera agogo ake ali ana.

Msika waukulu koposa uli ku China, kumene anthu olemera akonda mipando, makama ndi makabati a matabwa ofiira. Mitengo yotere itachepa ku Asia, ogula anatembenukira kuno ku Africa. Ku Zambia anathamangira mukula, umene ndi mbale wake wa mlombwa, kufikira Boma la kumeneko linaletsa kangapo kuudula ndi kuutulutsa. Ku Mozambique zipika zinkakwezedwa zochuluka pamadoko a Beira, Nacala ndi Pemba, ndipo kuyambira mu 2017 dzikolo linaletsa kutumiza kunja zipika zosacheka. Ife sitili kutali ndi njira zimenezi. Msewu wa ku Chiponde ulowa ku Mandimba, nupitirira ku Cuamba ndi Nampula kufikira ku Nacala. Mitengo ikatha tsidya lina ogula saweruka ayi, angosuntha. Tinaona zimenezi mu 2016 ku Lengwe, m'boma la Chikwawa, pamene anthu 35, ena a kuno kwathu, ena a ku Mozambique ndi ku China, anagwidwa ndi mathirakitala akudula tsanya mkati mwa nkhalango yotetezedwa.

Nanga chifukwa ninji mwini munda alandira zochepa chotere? Pakati pa chitsa ndi nyumba ya wogula pali manja ambiri: wocheka, mwini lole, wosunga zipika padoko, mwini sitima, mmisiri ndi mwini sitolo. Aliyense atapapo phindu lake. Mlimi agulitsa mtengo wathunthu pongouyang'ana ndi maso, nthawi zambiri m'miyezi ya njala, mu Januwale kapena Febuluwale, pamene nkhokwe ili pululu ndipo sangakane. Enawo agulitsana poyeza ndi tepi ndi sikelo. Ndalama ya mlombwa wa zaka makumi ambiri itha msanga pogula chimanga cha masabata owerengeka, ndipo chaka chamawa palibenso chogulitsa.

Maiko anapangana pangano lotchedwa CITES mu 1973, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zingathe, ndipo Malawi inalowamo mu 1982. Phingo analowa m'ndandanda wa panganoli pamsonkhano wa ku Johannesburg mu 2016. Mukula ndi mkungudza wa ku Mulanje zinalowa mu 2019 ku Geneva, ndipo ndi dziko lathu lomweli limene linapempha kuti zitero. Mu 2022, ku Panama, anaonjezapo mlombwa, mbawa ndi mngongomwa. Tanthauzo lake ndi lakuti zipika ndi matabwa a mitengo imeneyi sizingatuluke m'dziko popanda chikalata cha Boma chotsimikiza kuti zinadulidwa mwa lamulo, ndi kuti kudulako sikuononga mtundu wake. Lamulo lathu la nkhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020, ndipo zilango zake zinakula. Tinene mosabisa kuti amene agwidwa kawirikawiri ndi wa nkhwangwa ndi sowo. Mwini ndalama akhala ali kutali.

Pali kutaya kwina kumene sikulembedwa pa risiti. Mlimi wa bale afuna mphanda ndi mitanda ya chigafa, wochiza fodya ndi moto afuna nkhuni mikwamba yambiri, msodzi afuna thunthu lalikulu losemera bwato, ndipo amayi owamba nsomba afunanso nkhuni zawo. Nkhalango za Mangochi, Namizimu ndi Phirilongwe zinapatulidwa mu 1924, ndipo m'mapiri amenewo ndimo muchokera timitsinje tothirira madimba athu. Phiri likakhala lambee, madzi a mvula atsika ndi liwiro, nakokolola nthaka ya m'minda, nakathira matope kunyanja kumene chambo chiswanirana.

Sitinena kuti za m'tchire zisagulitsidwe kunja. Taonani mlambe, umene uli mbwee m'dera lathu lino. Mu 2008 maiko a ku Ulaya analoleza kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa kwao monga chakudya, ndipo kuyambira pamenepo malambe a ku Malawi akhala akupita kutsidya kwa nyanja kukathiridwa m'zakumwa ndi m'zakudya zina. Mlambe ubala chaka ndi chaka, malambe akhwima nthawi ya chilimwe pamene ntchito ya kumunda yachepa, ndipo mtengowo utsala chiimire. Ogula a kunja ndi ovuta pa za ukhondo. Musathyole malambe osakhwima, musawasunge pansi ponyowa kapena pafupi ndi mankhwala a fodya ndi a thonje, ndipo ngati nkotheka gulitsani monga gulu, pakuti wa matumba makumi asanu amvedwa koposa wa thumba limodzi. Uchi ndi phula nazonso zifuna mitengo yamoyo.

Za mphanda ndi nkhuni, konzani nazale m'mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala kuti mbande za bulugamu ndi keshya zikhale zokonzeka mvula ikakhazikika. Mbawa ikonda m'mbali mwa mitsinje. Mlombwa uphuka mukazika nthambi yaikulu yaiwisi mvula isanayambe. Pachitsa chimene chaphukira siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba, ndipo lambulani kuti moto wa mu Okutobala usazipsereze. Akafika munthu wofuna mitengo, mumfunse chiphaso chake, mupite naye kwa nyakwawa, ndipo mudziwitse mlangizi wa nkhalango wa m'dera lanu kapena ofesi ya nkhalango ku boma la Mangochi nkhwangwa isanagwe.