Okonkwo si Umuofia: Kuzukuta Munthu ndi Mfundo mu Things Fall Apart

Wophunzira akafunsidwa mfundo yaikulu ya m'buku la Things Fall Apart, yankho silichedwa: kusemphana kwa chikhalidwe cha makolo ndi cha azungu. Akafunsidwa za Okonkwo, mpangankhani wamkulu wa bukuli, amati ndi munthu wolimbikira ntchito, wankhanza, woteteza mwambo. Mayankhowa si abodza, koma ndi oloweza, oti munthu angawapereke asanatsegule n'komwe bukulo. Ndipo lomalizalo, loti Okonkwo ndi mtetezi wa mwambo, limasocheretsa.

Chinua Achebe, yemwe anabadwira ku Ogidi m'dziko la Nigeria mu 1930, anatulutsa bukuli ku London mu 1958. Lili ndi mitu 25, ndipo mitu 13 yoyambirira imatha mmishonale asanaponde m'mudzi. Mlembi amene akupereka theka la buku ku moyo wa anthu a mtundu wa Aigbo paokha akufuna kuti tiyambire pamenepo.

Yambani ndi chimene munthuyo amaopa

Pozukuta mpangankhani, kundandalika makhalidwe ake sikukwanira. Funso lofika patali ndi lakuti: n'chiyani chimamuyendetsa? Okonkwo anatchuka ali ndi zaka 18 pamene anagwetsa Amalinze, katswiri wa masewera ogwetsana. Anayamba ulimi wopanda cholowa, ndi mbewu ya zilazi yobwereka kwa munthu wina wotchedwa Nwakibie, mpaka anadzaza nkhokwe, kukwatira akazi atatu ndi kulandira maudindo. Koma kuseri kwa zonsezi kuli bambo ake, Unoka, munthu wokonda chitoliro ndi mowa, wangongole mbwee, amene anafa ndi matenda otupa n'kukasiyidwa kunkhalango yotayako oipa osaikidwa m'manda. Okonkwo amaopa kufanana nawo kuposa mmene amaopera imfa. Chilichonse chimene bambo akewo ankakonda, kufatsa, nyimbo, kucheza, iye amachiona ngati matenda.

Mukagwira mfundo imeneyi, zochita zake zimene zimaoneka zomwazikana zimalumikizana. Mphamvu zake ndi mantha ake n'chinthu chimodzi.

Onani pamene anali ndi mwayi wosankha

Khalidwe la mpangankhani limaonekera bwino pamene palibe akumukakamiza. N'chifukwa chake nkhani ya Ikemefuna ndiyo mtima wa bukuli. Mnyamatayu anaperekedwa ndi mudzi wa Mbaino ngati dipo, anthu akumeneko atapha mkazi wa ku Umuofia, kwawo kwa Okonkwo. Anakhala pakhomo pa Okonkwo zaka zitatu, n'kufika pomutchula kuti bambo. Anamuphunzitsa Nwoye, mwana woyamba wa Okonkwo, zinthu zambiri, ndipo Okonkwo mwiniyo ankamukonda ngakhale sankaonetsa.

Mizimu italamula kuti mnyamatayo aphedwe, Ezeudu, gogo wolemekezeka m'mudzimo, anapita yekha kwa Okonkwo kukamuchenjeza kuti asaikepo dzanja pa imfa ya mwana amene amamutcha bambo. Apa tiwerenge mosamala. Mwambo unalamula imfa, inde, koma mwambo womwewo, kudzera pakamwa pa mkulu wake, unamutsegulira Okonkwo khomo lothawira. Iye anapita nawo paulendowo. Chikwanje choyamba chitatera, mnyamatayo anathamangira kwa iye akulira, ndipo Okonkwo anasolola chake n'kumutsiriza, kuopa kuti amuna anzake angamuyese wamantha. Kwa masiku awiri sanadye kanthu.

Amene amati Okonkwo anangomvera mwambo ayenera kufotokoza chifukwa chimene Obierika, bwenzi lake lapamtima, anatsalira kunyumba tsiku limenelo popanda womunena kuti waphwanya lamulo.

Muyezeni ndi anthu amene amuzungulira

Alembi aluso samuuza wowerenga zoti aganize. Amaika munthu wina pambali pa mpangankhani wamkulu kuti kusiyana kuoneke kokha. Obierika ndi Mwigbo weniweni, wolemera, wolemekezeka, wosunga mwambo, koma woganiza. Amadzifunsa chimene ana ake amapasa analakwa kuti akatayidwe kuthengo. Uchendu, malume ake a Okonkwo ku Mbanta, amamudzudzula pamaso pa abale kuti asanyoze kwawo kwa mayi ake, kumene munthu amathawira zikamuvuta.

Tikawerenga milandu ya Okonkwo, timapeza kuti m'buku lonse palibe amene akulakwira miyambo ya Umuofia kawirikawiri ngati iye. Anamenya mkazi wake wamng'ono, Ojiugo, m'sabata ya mtendere, n'kulipitsidwa ndi wansembe wa mulungu wa nthaka. Pamaliro a Ezeudu mfuti yake inaphulika n'kupha mwana wa malemuyo wa zaka 16, ndipo ngakhale inali ngozi, anapirikitsidwa m'mudzi kwa zaka 7. Pomaliza anadzimangirira, chinthu chonyansa kwambiri kwa Aigbo moti abale ake sakanatha kukhudza mtembo wake. Umuofia unali ndi mbali ziwiri, ya chamuna ndi ya chifundo, ya nkhondo ndi ya kukambirana. Okonkwo anatengapo imodzi yokha n'kuiyesa mwambo wonse.

Pali usiku umodzi umene sindifuna kuti wowerenga aulumphe. Chielo, wansembe wamkazi wa mulungu wotchedwa Agbala, atabereka Ezinma, mwana wamkazi wa Okonkwo, kumbuyo n'kupita naye kuphanga, mayi ake a mtsikanayo, Ekwefi, amene anali ataika kale ana 9 m'manda, anatsatira mumdima. Okonkwo anadikira kaye kuti asaoneke wofooka, kenako anatenga chikwanje n'kupita kuphangako, kubwerera, kupitanso, mpaka anawapeza. Chikondi anali nacho. Anangochibisa ngati chinthu chochititsa manyazi, ndipo n'chifukwa chake timamumvera chisoni m'malo mongodana naye.

Mfundo imachokera m'zochitika

Tsopano tingabwerere ku mfundo ija ya kusemphana kwa zikhalidwe, koma titaona zambiri. Ndani anayamba kulowa mpingo? Anthu amene mudzi unkawaona ngati opanda pake, akapolo a milungu osalidwa otchedwa osu, ndi Nneka, mayi woyembekezera amene mapasa ake anatayidwa kangapo. Nwoye naye analowa, osati chifukwa chomvetsa chiphunzitso, koma chifukwa nyimbo ya amishonale inakhudza bala limene imfa ya Ikemefuna ndi kulira kwa mapasa m'nkhalango zinamusiyira. Anadzatenga dzina loti Isaac. Chipembedzo chatsopano chinalowera m'ming'alu imene inalipo kale, ndipo mng'alu wina unakumbidwa ndi dzanja la Okonkwo m'nyumba yake yomwe.

Izi sizikutanthauza kuti Achebe akuwayeretsa atsamunda. Mudzi wa Abame unafafanizidwa pa tsiku la msika chifukwa cha mzungu mmodzi wa panjinga amene anaphedwa kumeneko. Bambo Brown, omwe anali mmishonale, ankakhala pansi ndi akuluakulu kukambirana za Mulungu, koma wolowa m'malo mwawo, M'busa James Smith, analimbikitsa otentheka maganizo monga Enoch, amene anavula chigoba mmodzi wa egwugwu, mizimu ya makolo, pamaso pa anthu. Aliyense wokulira kufupi ndi dambwe la Gule Wamkulu safunika kumufotokozera kukula kwa mlandu umenewo. Tchalitchi chitagwetsedwa ndi egwugwu pobwezera, bwana DC anaitana akuluakulu 6 ngati akufuna kukambirana, n'kuwamanga maunyolo. Amesenjala anawameta mipala, kuwakwapula, ndi kukweza chindapusa kuchoka pa matumba 200 a ndalama za zigoba kufika pa 250 kuti otsalawo adye okha. Amesenjalawo anali anthu akuda, ndipo mlembi sanabise zimenezo.

Womaliza kulankhula ndani?

Okonkwo atadula mutu wa mkulu wa amesenjala pamsonkhano, anthu anasiya amesenjala enawo kuthawa, ndipo iye anadziwa kuti Umuofia sudzamenya nkhondo. Kodi anthuwo anali amantha? Ambiri ankakumbukira za Abame, ndipo ena anali ndi ana awo enieni mbali inayo.

Ndime yotsiriza ya buku ikutichotsa mwadzidzidzi m'maganizo a Aigbo n'kutilowetsa m'mutu mwa bwana DC. Iye akuchoka pamtengo pamene pakulendewera mtembo akuganiza za buku limene akulemba lonena za kugonjetsa mitundu ya m'dera la mtsinje wa Niger. Akuona kuti nkhani ya munthu wodzimangirirayu ingakwane mutu wathunthu, kenako akusintha maganizo: ndime imodzi ikwanira. Ifeyo takhala ndi Okonkwo mitu 25, tikudziwa za chitoliro cha bambo ake, za Ezinma, za chikwanje chija. DC sakudziwa chilichonse mwa izi, koma ndiye ali ndi cholembera. Achebe anakula akuwerenga mabuku a azungu onena za Africa, monga Mister Johnson la Joyce Cary, ndipo ananena poyera kuti mabuku oterewa ndi ena mwa zimene zinamuchititsa kulemba lake. Choncho funso lakuti mbiri ya anthu ailembe ndani liyenera kukhala pamndandanda wa mfundo zazikulu za bukuli, pafupi ndi mantha, ubambo ndi utsamunda.