Mtedza ndi Mafuta a M'magazi

Kolesitero ndi mafuta onga phula amene amayenda m'magazi a munthu. Ambiri amapangidwa ndi chiwindi, ndipo thupi limawafuna. Vuto limadza pamene mtundu wake wina, wotchedwa LDL, wachuluka: umakanirira m'mitsempha, njira ya magazi imachepa, ndipo mapeto ake ndi nthenda ya mtima kapena kufa ziwalo.

Chimene chimakweza LDL kwambiri ndi mafuta amene amaundana akazizira, monga a ng'ombe, a nkhumba, batala ndi mafuta a palm. Mafuta ophikira amene amachita phala m'botolo m'mwezi wa Juni nthawi zambiri amakhala a palm. Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse limalangiza kuti mafuta a mtundu umenewu asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya.

Apa ndi pamene mtedza umalowera. Pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta, koma ambiri ndi osaundana, ofanana ndi a mpendadzuwa, soya ndi mapeyala, amene amatsitsa LDL. Mtedza wa CG7, umene unachokera m'kafukufuku wa ICRISAT ku Chitedze ndi kuperekedwa kwa alimi a ku Malawi mu 1990, ndiwo womwewo umene ku Zambia umatchedwa MGV4. Choncho alangizi a mbali zonse za malire ali ndi mbewu imodzi yophunzitsira.

Komatu mfundo imene imasokonekera kawirikawiri ndi iyi: mtedza umathandiza ukalowa m'malo mwa mafuta oundana, osati ukangowonjezeredwa pamwamba. Nkhwani wotendera nsinjiro alowe m'malo mwa ndiwo zokazingira mafuta a nkhumba. N'zomvetsa chisoni kuona banja likugulitsa mtedza wonse pokolola, ndalama zake n'kugulira mafuta a palm.

Nyemba, khobwe, nandolo ndi therere zimathandiza mwa njira ina. Zili ndi ulusi wonanda umene umagwira madzi a ndulu m'matumbo ndi kutuluka nawo. Chiwindi chimakakamizika kutapa kolesitero m'magazi kuti chipange ena.

Mlangizi asaiwale za chuku. Mtedza wosauma bwino, kapena wonyowetsedwa kuti usavute kuswa, umagwidwa ndi poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kuukazinga sikumuthetsa. Wofota ndi wowola, umene mabanja ambiri amausiyira nsinjiro za pakhomo atagulitsa wabwino, uyenera kusankhidwa ndi kutayidwa.